Paipi Ikakhala M'mwamba: Chenjezo kwa Ofuna Ntchito Yoyala Mapaipi

 Zikomo kwambiri pondilola kuima pabwalo lanu lino la Chiwamba. Ndikudziwa kuti ena mwasiya madimba, ena mwatseka maokala kuti mudzamve, choncho ndilowa m'nkhani mosazungulira.

Nonse mwamva za ntchito yokoka madzi kuchokera kunyanja ku Salima kudzafika mumzinda wa Lilongwe, imene inapatsidwa kwa kampani ya Khato Civils. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120, kuyambira cha ku Lifuwu mpaka ku Kanengo, ndipo madziwo ayenera kukwera chitunda chachikulu, poti nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere pamene Lilongwe ali pa mamita opitirira 1,000. Chifukwa chake n'chodziwika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzindawu, ndipo madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, lina la mu 1966 lina la mu 1989, anamangidwa mzinda ukadali wochepa. Anthu akamachuluka, mapaipi nawo amachuluka. Ntchito yokumba ngalande ndi kuyala mapaipi tikhala nayo zaka zambiri, ya Lilongwe Water Board, ya makontirakitala akuluakulu, ya ulimi wothirira.

Ena mwa inu mudzaipeza ntchito imeneyi kunja. Anzathu a ku Zambia ali ndi paipi ya mafuta ya Tazama, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1968. Kuchokera ku Temane ku Mozambique kukafika ku Secunda ku Joni kuli paipi ya gasi ya makilomita 865 imene inatsegulidwa mu 2004. Mapaipi otere amafuna kukonzedwa, kuwonjezeredwa, kusinthidwa, ndipo kulikonse kumene kuli ganyu m'chigawo chino cha Africa, Mmalawi sasowako.

Tsono funso n'lakuti, ntchito yotere ikafika pamudzi, inu amakulembani yanji? Woyendetsa makina kontirakitala amabwera naye, ali ndi mapepala ake. Injiniya amabwera naye. Amene amafunidwa pamudzi ndi wogwira chingwe, wokoleka lamba pa paipi, wolowa m'ngalande kukasalaza mchenga, woimika magalimoto ndi mbendera. Ameneyo ndi inuyo. Ndipo tamverani bwino apa: woyendetsa makina amakhala m'chipinda chazitsulo zolimba, atamanga lamba m'chiuno, makina akagubuduka iye ali ndi chomutchinjiriza. Inu muli pansi, chipewa kumutu, jombo kuphazi, basi. Zinthu zikalakwika m'mwamba, wolandira ndi amene ali pansi. N'chifukwa chake ndabwera kudzakuuzani zimene woyendetsa makina amadziwa, kuti nanunso muzidziwe, muziona ngozi isanafike, ndipo mukhale ndi mtima wotsegula pakamwa.

Makina amene ndikunena amatchedwa side boom. Mukawaona mudzati ndi katapila wamba, chifukwa amayenda pa matcheni ngati katapila wokankha dothi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mwa chikhasu chakutsogolo, ali ndi mkono wautali wachitsulo wotulukira m'mbali, kumanzere kwa woyendetsa. Kunsonga ya mkonowo kumalendewera mbedza pa chingwe chawaya. Mbali inayo, kumanja, kuli mulu wa zitsulo zolemera zimene zimatambasuka kutuluka kunja, kuti makina asagwere kumene kuli katundu. Ntchito yake ndi kunyamula paipi, kuyenda nayo m'mphepete mwa ngalande, n'kuitsitsira pansi. Pena kontirakitala amagwiritsa ntchito kireni kapena makina okumbira m'malo mwake. Zambiri zimene ndinene pano zikugwira ntchito pa onsewo.

Ndili ndi mfundo zisanu ndi imodzi. Yoyamba, kulemera kwa katundu ndi kutalika kwa mkono. Yachiwiri, nthaka imene makina aimapo. Yachitatu, zingwe ndi malamba. Yachinayi, malo amene munthu ayenera kuima. Yachisanu, mawu: wolamula ndani, woimitsa ndani. Yachisanu ndi chimodzi, mawaya a magetsi. Ndikatha ndilankhula ndi mafumu ndi makolo.

Mfundo yoyamba: kulemera kwa katundu ndi kutalika kwa mkono.

Tiyambe ndi paipiyo. Paipi yachitsulo yotambalala mita imodzi, chitsulo chake chochindikala mamilimita 10, imalemera makilogalamu pafupifupi 240 pa mita iliyonse. Ikakhala yotalika mamita 12, ndiye kuti matani pafupifupi atatu. Ikalendewera pa chingwe imaoneka yopepuka, mwana akhoza kuikankha ndi dzanja n'kuyenda. Kupepuka kumeneko n'kumene kumapusitsa anthu. Matani atatu akayamba kuyenda, dzanja la munthu silingawaimitse.

Makinawo ali ndi mphamvu zosiyana. Aang'ono a kampani ya Caterpillar, otchedwa PL61, amalembedwa kuti matani 18. Aakulu, PL87, amapitirira matani 90. Munthu akamva zimenezi amati, nanga matani atatu n'chiyani? Koma nambala imeneyo amaiyeza mbedza ili pafupi kwambiri, mita imodzi ndi masentimita 22 kuchokera pa tcheni, makina ataima pamalo athyathyathya ndi olimba, zitsulo zolemera zija zitatambasulidwa zonse. Komanso nambalayo ndi ya pamene makina ayamba kunyamuka mbali imodzi, ndiye malire ogwera amenewo. Ntchito yeniyeni imagwiridwa pansi pa malirewo.

Amayi, inu mukuidziwa bwino nkhaniyi. Ndowa ya malita 20 mukainyamula m'mbali, pafupi ndi mwendo, mumafika nayo kunyumba. Tayesani kuigwira mkono mutautambasula. Madzi ndi omwewo, ndowa ndi yomweyo, koma thupi lonse limapendekera komweko, ndipo mukakakamira mugwa nayo. Side boom imatero ndithu. Mkono ukamagona kuti ufikire patali, mphamvu yonyamulira imatsika msanga. Mtunda wa mbedza ukawirikiza kawiri, katundu amene makina angapirire amatsika kufika pafupifupi theka. Ndibwerezenso: katundu ndi yemweyo, chasintha ndi mtunda.

Ndiye pamakina aliwonse pamayenera kukhala tchati chosonyeza kuti pa mtunda wakuti, katundu asapitirire pakuti. Ntchito isanayambe, kapitawo ndi woyendetsa ayenera kudziwa zinthu zitatu: paipi ikulemera bwanji pamodzi ndi malamba ake, idzatsitsidwa patali bwanji kuchokera pa tcheni, ndipo tchati chikuti chiyani pa mtunda umenewo. Wina akati tingoyesa tione ngati inyamuke, dziwani kuti sanawerengere. Paipi imatha kunyamuka bwinobwino pafupi, vuto n'kudzabwera pamene mkono ukugona kuti uifikitse pakati pa ngalande, nthawi imene anthu onse asendera pafupi. Inu wogwira chingwe, yang'anani tcheni ya kumanja, ya kumene kuli zitsulo zolemera. Mukaona kuti yayamba kupepuka, kumatukuka pang'ono n'kubwerera pansi, makinawo afika pamalire.

Malo otsetsereka amaonjezera vuto. Makina akapendekera kumbali ya mkono, katundu amadzitalikira yekha ngakhale woyendetsa asanakhudze kanthu. Njira ya ku Salima mukuidziwa mmene ilili cha ku Mvera, zitunda ndi zigwembe. Pamalo otere kontirakitala wanzeru amayamba wasalaza njira ya makina, ndipo pena amamangirira makinawo ku katapila wina woima pamtunda.

Mfundo yachiwiri: nthaka. Pamenepa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene inu alimi mumaposa injiniya wobwera.

Makina olemera matani makumi angapo, atanyamulanso paipi, kulemera kwake konse kumatsamira pa tcheni imodzi, ya kufupi ndi ngalande. Ndiye kuti malo amene akupsinjika kwambiri ndi omwenso ali ofooka kwambiri, mlomo wa dzenje. Mlomowo ukagumuka, makina amapendama, mtunda wa katundu umakula nthawi yomweyo, ndipo zonse zimagwera m'ngalande: dothi, paipi, makina.

Katondo wa kuno m'chilimwe amalimba mpaka khasu kudumpha. Munthu amakumba ngalande yozama, khoma n'kuima chilili, onse n'kumati nthakayi ndi yabwino. Igwe mvula usiku umodzi mu Disembala, katondo yemweyo wamwa madzi, walemera, wafewa. Dothi lakudambo ndiye losadalirika n'komwe, pamwamba louma, pansi phala. Pamene panali chulu chofumbulidwa, chitsime chakale chokwiriridwa, dzenje la njerwa, nkhuti ya chimbudzi chakale, nthaka yake ndi yonyenga. Mapu a injiniya sasonyeza zimenezi. Mwini munda ndiye amadziwa. Mukadziwa, nenani. Mlendo sadziwa pamene pali mbuna.

Anthu amati tsoka silinunkha. Pa ngalande ine ndimakana, chifukwa nthaka imachenjeza isanagwe. M'mawa musanayambe ntchito, yendani m'mphepete mwa ngalandeyo maso ali pansi. Mukaona mng'alu woonda, wongolowa chala chimodzi, ukuyenda motsatira ngalande phazi limodzi kapena awiri kuchokera pamlomo, chigawo chonsecho chalekana kale ndi chinzake, chikungodikira choti chichikankhe. Suzumirani m'kati. Mukaona timiyala ndi dothi zikuyoyoka zokha pakhoma popanda wozikhudza, kapena khoma latupa cha m'munsi, kapena madzi akuchucha pansi pake, makina asafike pamenepo ndipo munthu asalowemo.

Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kupitirira tani imodzi ndi theka. Likakufikani m'chifuwa mokha, mutu uli kunja, mpweya sungalowe, chifukwa mukapuma kutulutsa, dothi limatseka mpatawo. Choncho ngalande ikazama kupitirira mita imodzi ndi theka, makoma ake ayenera kusemedwa motsetsereka, kapena kudulidwa ngati masitepe, kapena kutchingidwa ndi matabwa ndi zitsulo. Dothi lokumbidwa liunjikidwe kutali ndi mlomo, mita imodzi ngati malo alipo. Makwerero akhale pafupi, oti munthu atulukire msanga. Mvula ikagwa, zonse zimene munayendera dzulo muziyenderenso lero.

Mfundo yachitatu: zingwe ndi malamba.

Pakati pa matani atatu ndi mutu wanu pali chingwe chawaya, mbedza ndi lamba. Zimenezi zimaonedwa tsiku lililonse ntchito isanayambe. Chingwe chawaya amachiona chonchi: valani magolovesi, tengani kansanza, kulungani chingwecho n'kumakoka pang'onopang'ono. Pamene kansanza kakodwa, pali tiwaya toduka. Yang'ananinso pamene chingwe chinapindika n'kusiya chigongono, pamene chaphwatalala, pamene mitsitsi yake yamasuka n'kutukumuka, pamene chachita dzimbiri. Chingwe chotere chichotsedwe, ndipo chidulidwe kuti wina asadzachitolenso. Mbedza ikhale ndi kachitseko kake kotseka pakamwa. Ikayasama kuposa mmene inalili, kapena ikapotoka, yatha ntchito. Kuiwongola ndi hamala kapena kuiwotcherera n'kudzinamiza.

Lamba wonyamulira amakhala ndi kachikwangwani kosonyeza kulemera kumene angapirire. Kachikwangwaniko kakachoka, lambayo sadziwikanso mphamvu yake. Akang'ambika m'mphepete, akapsa ndi moto wowotcherera, akauma ndi dzuwa mpaka kumathetheka, atayidwe. Lamba samangidwa mfundo kuti afupike. Ndipo chingwe cha ngolo, chingwe chokokera galimoto, tcheni chotola pa sikirapu, zimenezi sizinyamulira katundu m'mwamba, ngakhale kwa kamphindi.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Mukakoleka paipi ndi malamba awiri pa mbedza imodzi, kakhalidwe ka malambawo kamasintha mphamvu imene akumva. Katundu wa matani awiri, malamba ataima chilili, aliyense amasenza tani imodzi. Mukawatangadza kwambiri mpaka kugona, kutsala madigiri 30 kuti afanane ndi paipi, lamba aliyense amamva matani awiri athunthu. Katundu sanachuluke, koma lamba akukokedwa kuwirikiza. Malamba aafupi otangadza ndi oopsa kuposa aatali oima.

Zonse zikakolekedwa, woyendetsa anyamule pang'ono chabe, kutalika kwa chikhatho kuchokera pansi, n'kuima. Pamenepo ndi poonera ngati paipi yakhala molingana, ngati lamba sakuterereka, ngati mabuleki akugwira. Cholakwika chikaoneka apa, paipi imangobwerera pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mfundo yachinayi: malo oima. Ngati mungaiwale zonse, iyi yokha musaiwale. Katundu akakhala m'mwamba, munthu asakhale pansi pake. Ndibwereze: katundu akakhala m'mwamba, munthu asakhale pansi pake. Osadutsapo, osasuzumirapo, osalowetsapo dzanja kuti muchotse kamwala.

Ndikuuzeni chifukwa chimene ambiri sauzidwa. Makina ambiri a mtundu umenewu ali ndi chogwirira choti woyendetsa akaona kuti akugubuduka, amasule katundu agwe nthawi yomweyo. Anachiika dala, kuti makina ndi woyendetsa apulumuke. Ndiye kuti paipi ikhoza kugwa chingwe chili chabwinobwino, popanda kulira kwa hutala, popanda wofuula. Woyendetsa amachita zimenezi pokhulupirira kuti pansi palibe munthu. Paipi ikamatsitsidwa, m'ngalande mukhale mopanda munthu pamalo onse amene ingafikepo. Olowa alowe paipi itakhala pansi, kapena itatsala pang'ono kwambiri kugunda pansi ndipo wolamula wawaitana.

Malo achiwiri oopsa ndi pakati: pakati pa paipi ndi khoma la ngalande, pakati pa paipi ndi makina, pakati pa paipi ndi inzake. Ndinaona ndi maso anga mnyamata wina, wakhama pantchito, akufuna kuwongola paipi imene inkazungulira pang'onopang'ono. Anaika dzanja kunsonga kwake. Paipiyo inangosuntha pang'ono n'kukhudza inzake imene inali kale pansi. Phokoso silinamveke n'komwe. Titamuvula golovesi, zala ziwiri zinali zitaphwanyika, ndipo kuchipatala anakazidula. Paipi imawongoleredwa ndi zingwe zomangidwa kunsonga zake, munthu ataima patali. Chingwecho muchigwire m'manja, osachikulunga padzanja kapena m'chiuno, kuti paipi ikathawa muthe kuchitaya.

Malo achitatu ndi kumanja kwa makina, kumene kuli zitsulo zolemera zija. Maso a woyendetsa amakhala kumanzere, kumene kuli katundu. Kumanja ndi kumbuyo saonako kawirikawiri. Zitsulozo zimatuluka ndi kubwerera, ndipo zikamabwerera zimapana chilichonse chili pakati. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, mthunzi wa makina umakopa, ndipo anthu amakakhala pamenepo kudya chimanga chawo chokazinga. Funani mthunzi wa mtengo. Pamakina sipakweranso munthu wina kupatula woyendetsa, ngakhale paulendo waufupi wobwerera kukampu.

Mfundo yachisanu: mawu.

Pantchito yonyamula katundu wolamula amakhala mmodzi. Amavala chovala choonekera patali, amaima poti woyendetsa azimuona, ndipo amalankhula ndi manja kapena wailesi. Chala cholozetsa kumwamba chikuzungulira, ndiye kuti kweza. Cholozetsa pansi chikuzungulira, tsitsa. Mkono wotambasulidwa, chikhatho choyang'ana pansi, n'kumaupititsa uku ndi uku, ima. Mikono yonse iwiri ikatero, ima msangamsanga, pali ngozi. Zizindikirozi mugwirizane m'mawa pamsonkhano wa ntchito, makamaka ngati woyendetsa ndi wakunja ndipo simumvana chilankhulo. Woyendetsa akasiya kumuona wolamula, aime. Anthu atatu akamakupiza manja nthawi imodzi, aime. Mapanga awiri avumbwitsa.

Zimenezi zimakula kwambiri pamene mapaipi awotchereredwa pamodzi n'kukhala chinthu chimodzi chachitali, chonyamulidwa ndi makina atatu, anayi kapena kuposerapo, atandandalikana m'mphepete mwa ngalande. Onsewo amagawana katundu mmodzi. Mmodzi akatsitsa msanga, gawo lake limagwera oyandikana naye. Woyandikana nayeyo akalemedwa n'kupendama, katundu wake amapita kwa wotsatira, ndipo makina amatha kugwa motsatizana mzere wonse. Pantchito yotere phokoso la anthu lichepe, foni zikhale m'thumba, khutu likhale kwa munthu mmodzi.

Koma pali liwu limodzi limene si la wolamula yekha. Liwu loti "Imani!" ndi la aliyense. Wolemba ganyu dzulo, mayi wotunga madzi a simenti, mlonda wapageti, aliyense amene waona choopsa ali ndi ufulu woimitsa ntchito, ndipo woyendetsa ayenera kumvera osafunsa kuti wanena ndani. Kuyambitsa ndi kwa mmodzi, kuimitsa ndi kwa aliyense.

Ndikudziwa pamene pavuta. Ife tinaleredwa kuti mwana sadula mawu akuluakulu. Munthu wapeza ganyu movutikira, kunyumba ufa watha, feteleza sanagule, ndiye aimitse makina a mamiliyoni pamaso pa a kapitawo? Amaopa kuti mawa dzina lake silidzaitanidwa. Amaona mng'alu uja, amaona lamba wong'ambika uja, n'kumeza mawu, mumtima n'kumati akuluakuluwa aona kale. Nthawi zambiri sanaone. Kapitawo maso ake ali pa mamita amene ayenera kumaliza lero. Woyendetsa maso ake ali pa mbedza. Amene ali pafupi ndi nthaka, pafupi ndi lamba, ndi inu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kufuula kuti imani si mwano. Mukalakwitsa, ntchito yachedwa mphindi zisanu. Mukakhala chete pamene munaona zoona, tikanyamula mnzanu pamachira. Ndipo inu a kapitawo, ngati mulipo pano, munthu akaimitsa ntchito muthokozeni pagulu ngakhale zitapezeka kuti panalibe vuto. Mukamukalipira, mwatseka pakamwa pa gulu lonse, ndipo tsiku la ngozi yeniyeni onse adzangoyang'ana. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi: mawaya a magetsi. Masiku ano mawaya a ESCOM afika m'misika yambiri ya kumudzi, ndipo amakonda kutsata msewu, momwenso mapaipi amadutsa. Ambiri mwa mawaya amenewa amanyamula mavoti 11,000 kapena 33,000. Magetsi otere sadikira kuti muwakhudze, amalumpha. Mkono wa makina usayandikire kuposa mamita atatu, ndipo pa mawaya akuluakulu a pa nsanja zachitsulo mtunda ukhale wokulirapo. Podutsa pansi pa mawaya mkono ugonekedwe, ndipo pakhale munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana m'mwamba basi.

Zikachitika kuti mkono wagunda waya, woyendetsa akhale momwemo, asatsike. Inu apansi musakhudze makina, paipi, kapena chingwe. Nthaka yozungulira makinawo imakhalanso ndi magetsi, choncho chokanipo mapazi ali pamodzi, mukukhwekhwereza, osatambalitsa miyendo pothamanga. Itanani a ESCOM azimitse. Woyendetsa atsike pokhapokha ngati makina akuyaka, ndipo alumphe mapazi onse pamodzi osagwira chitsulo. Ziphaliwali zikayamba, kapena mwera ukamaomba mpaka paipi kumagwedezeka, katundu atsitsidwe, anthu achoke.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu athu ndi makolo. Makinawa akafika pamudzi, ana amathamangira kukaonerera. Madzulo antchito akaweruka, ngalande imatsala yoyasama, mapaipi ali mulu. Ana amalowa m'mapaipi, amakwera pamulu, ndipo paipi yosatsekeredwa bwino imagubuduzika. M'dzinja ngalande imadzaza madzi, mwana kapena ng'ombe n'kugweramo. Kontirakitala asanayambe ntchito m'dera lanu, muitaneni pabwalo ngati lino. Mufunseni kuti ngalande adzaitchinga ndi chiyani, ana a sukulu ndi ziweto adzaolokera pati, mapaipi adzawatsekera bwanji kuti asagubuduzike, ndipo munthu akavulala galimoto yomutengera kuchipatala ili kuti. Aphunzitsi, nkhaniyi muikambe pa asembule. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Malamulo ali kumbali yanu. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la mu 1997 limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti malo antchito akhale osaopsa, kuti aphunzitse antchito ake, ndi kuti apereke zovala zodzitetezera popanda kumulipiritsa wantchito. Chipewa, jombo, magolovesi ndi chovala chowala si mphatso ya bwana, ndipo asakuduleni pamalipiro. Lamulo la chipukutamisozi la mu 2000 limanena za kulipira munthu wovulala pantchito. Kuti zimenezi zikuthandizeni, dzina lanu lilembedwe m'buku la kampani tsiku loyamba, ndipo musalowe ntchito pa dzina la m'bale wanu.

Ngozi ikachitika, makina onse azimitsidwe. Ngati ngalande yagumukira munthu, musalumphiremo gulu, chifukwa khoma limene lagwa kamodzi limagwanso. Tchingani kaye makoma, kumbani ndi mafosholo ndi manja, makina okumbira asayandikire pamene pali munthu. Wovulala msana kapena khosi asanyamulidwe chopinda, agonekedwe pa thabwa. Chipatala chathu cha Chiwamba chithandize zoyambirira, koma wophwanyika mafupa kapena wopsa ndi magetsi afike ku Kamuzu Central msanga, ngakhale akuoneka ngati ali bwino, poti magetsi amawononga m'kati. Mukatero onetsetsani kuti ngoziyo yalembedwa tsiku lomwelo, sungani mapepala onse a kuchipatala, lembani maina a amene anaona, ndipo kanenani ku ofesi ya zantchito ku Lilongwe. Wina akakupatsani kandalama kam'manja kuti nkhani ithere pomwepo, musasaine pepala limene simunalimvetse. Pitani nalo kaye kwa a zantchito akakuwerengereni.

Gogo Chalo, ine ndaima pamenepa. Ndabwera ndi chidutswa cha chingwe chawaya chowonongeka ndi lamba mmodzi wong'ambika, zili pa tebulopa. Anyamata ndi atsikana amene mukufuna ntchitoyi, bwerani kutsogolo kuno anayianayi, muvale magolovesi, muyese kupeza pamene pali vuto, kenaka timve mafunso.